Kusankha matayala m'chigwa cha Shire kuziyambira pa limu

Munthu amene amayendetsa galimoto kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 okha amachoka pamalo okwera mamita 1,000 n'kudzafika pansi pa chigwa pamene nthaka yakwera mamita 100 kapena kucheperapo. Akamafika pa Thabwa, mabuleki amakhala atatentha ndi makona otsetsereka aja, kutenthako kutalowerera m'malimu, ndipo matayala amayamba ulendo wa ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje ali ofunda kale, pa phula limene mu Okutobala ndi Novembala munthu sangaliponde opanda nsapato. M'miyezi imeneyi kutentha kuno kumapitirira madigiri 40. Tayala limene lingapirire zolakwika zing'onozing'ono ku Dedza kapena ku Mzuzu, kuno limaonetsa msanga kuti linasankhidwa mosasamala, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya matayala sindiitenga ngati ya anthu okonda kukongoletsa galimoto okha.

Pa matayala ena ogulitsidwa m'masitolo, komanso m'mabuku a makampani opanga, mumapezeka mawu akuti "summer", kutanthauza matayala a nyengo yotentha. Ku Ulaya ndi ku Japan mawuwa amawasiyanitsa ndi matayala a nyengo yozizira, amene labala wake amapangidwa wofewa kwambiri kuti asaume pamene kukugwa chipale, ndipo mano ake amakhala ndi timing'alu tambirimbiri togwira pa madzi oundana. Opanga ambiri amaika malire pa madigiri 7: kukazizira kuposa pamenepo tayala la nyengo yotentha limayamba kuuma, kukatentha kuposa pamenepo tayala la nyengo yozizira limayamba kufewa mopitirira. Kwa ife a kuchigwa, ngakhale m'mawa wa mu Juni sutifikitsa pofuna tayala la chipale, kotero tayala la nyengo yotentha ndilo lathu chaka chonse. Mwa matayala amenewa muli gulu lopangidwira kugwira msewu mwamphamvu pa liwiro lalikulu, lokhala ndi mapewa olimba, mbali zosapindika msanga ndi labala womata bwino pa phula. Limaimitsa galimoto pa mtunda waufupi ndipo limamvera chiwongolero mwachangu, koma limatha msanga kuposa tayala wamba, ndipo ndi lokwera mtengo.

Ndanena za matayala a nyengo yozizira chifukwa alipo ambiri m'misewu yathu, eni ake osadziwa. Galimoto zambiri zimene timagula ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ndipo zina zimabwera zitavala matayala amene mwini wake woyamba ankayendera pa chipale. Mphwanga wina atagula galimoto yake yoyamba, anasangalala kuti matayala onse anayi anali ndi mano akuya ngati atsopano. Patapita miyezi ingapo anayamba kudandaula kuti galimoto ikumveka ngati ikuyandama pa makona a chitunda, ndipo akaponda buleki ikuchedwa kuima. Tinapita nayo kwa bambo wina wachikulire amene amamata matayala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu waukulu. Bamboyo anagwada, n'kukanikiza dzino limodzi la tayala ndi chala chachikulu, dzinolo n'kupindika ngati chofufutira cha mwana wasukulu. Kenaka anapukuta fumbi m'mbali mwa tayala, n'kutiloza mawu akuti "Studless" ndi kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale mkati. "Achimwene," anatero kwa mphwangayo, "awa si a kwathu kuno. Dzuwa la kuno liwadya ngati sopo." Maina monga Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx onse ndi a matayala a mtundu umenewu. Si oipa kumene anapangidwira, koma pa phula lotentha amatalikitsa mtunda woimira ndipo amaperepeseka msanga, choncho wogula galimoto yochokera kunja ayang'ane chizindikiro chimenechi tsiku loyamba lomwe.

Tsono tibwere ku manambala a m'mbali mwa tayala, chifukwa popanda kuwamvetsa munthu amagula ndi maso okha. Titenge tayala lolembedwa 205/55 R16 91V. Nambala yoyamba, 205, ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, kuyeza kuchokera ku mbali ina kufika ku mbali inzake pamene latupa kwambiri. Si kufutukuka kwa mano oponda pansi, amene amakhala ocheperapo. Nambala yachiwiri, 55, anthu ambiri amaiyesa mamilimita, koma ndi gawo: ikunena kuti kutalika kwa mbali ya tayala, kuchokera pa limu kufika pa mano, ndi magawo 55 pa 100 alionse a kufutukuka kuja, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 113. Chilembo R chikunena za kayalidwe ka ulusi wa mkati mwa tayala, kamene masiku ano kali m'matayala pafupifupi onse a galimoto zing'onozing'ono. Nambala 16 ndi kukula kwa limu m'mainchi, ndipo pamenepa palibe kunyengerera, pakuti tayala la 16 limalowa pa limu la 16 basi. Za 91V tizikamba kutsogoloku.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti limu lili ndi muyeso wachiwiri, ndipo muyeso umenewu ndiwo umalamula kufutukuka kwa tayala. Mukachotsa limu n'kulitembenuza, kuseri kwa masipoko kapena pafupi ndi maboo a mabawuti mupeza zolembedwa ngati 6.5J x 16 ET45. Nambala 6.5 ndi kufutukuka kwa limu m'mainchi, kuyeza mkati, pakati pa milomo iwiri imene tayala limatsamira. Mukayeza ndi tepi kunja kwa milomoyo mupeza nambala yokulirapo ndi inchi imodzi kapena kuyandikira pamenepo, ndipo anthu ambiri amasokonezekera apa. Chilembo J chikunena za kaumbidwe ka mlomowo. ET45 ikunena kuti malo amene limu limakhudzana ndi galimoto ali mamilimita 45 kuchokera pakati penipeni pa limu kulowera kunja. Popeza inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, limu la 6.5 ndi lofutukuka mamilimita 165, ndipo tayala la 205 likakhala pamenepo mbali zake zimatupira kunja pang'ono mbali zonse ziwiri, monga momwe wopanga anafunira.

Tayala lililonse linapangidwa poganizira limu la muyeso winawake, ndipo lili ndi malire a malimu amene lingakhalepo bwinobwino. Malire amenewa sachokera m'mutu mwa wogulitsa; amalembedwa ndi mabungwe oona za miyeso, monga ETRTO ku Ulaya ndi JATMA ku Japan, ndipo makampani amawasindikiza m'mabuku awo. Tayala la 195/65 R15, limene lili pa galimoto zambiri zapakatikati, linayezedwera pa limu la mainchi 6 ndipo limaloledwa kuyambira pa 5.5 mpaka 7. La 205/55 R16 linayezedwera pa 6.5 ndipo limaloledwa kuyambira pa 5.5 mpaka 7.5. La 225/45 R17 linayezedwera pa 7.5 ndipo malire ake ndi 7 mpaka 8.5. Mukayang'anitsitsa manambalawa muona kuti mbali ya tayala ikamafupika, limu limayenera kuyandikira kwambiri kufutukuka kwa tayalalo, chifukwa mbali yaifupi ilibe labala wokwanira kupindikira mkati kapena kunja kuti ikakumane ndi limu losayenera. Dziwaninso kuti tayala lomwelo limasintha likasintha limu: mukawonjezera theka la inchi pa limu, tayala limafutukuka ndi mamilimita pafupifupi 5, ndipo mamilimita ochepa amenewo ndi okwanira kuti liyambe kukhula mkati mwa mudigadi pokhota.

Tayala lalikulu likapanikizidwa pa limu lopapatiza, mbali zake zimakokedwera mkati, ndipo mano amene amayenera kugona pansi mofanana amakwera pakati ngati msana wa mzere wa m'munda. Zotsatira zake n'zakuti tayala limene munagula kuti liponde malo aakulu limaponda ndi pakati pokha, limatha pakati mapewa akadali atsopano, ndipo pokhota limayamba lagwedera kaye pa limu galimoto isanamvere. Woyendetsa amamva ngati chiwongolero chikuyankha mochedwa. Choopsa kwambiri n'chakuti mbali imene ikupindikapindika mopitirira imapanga kutentha kwake kwa mkati, kuwonjezera pa kwa dzuwa ndi kwa phula, ndipo kutentha ndiko kumalekanitsa labala ndi mawaya a mkati mwa tayala. Zidutswa za matayala zimene timaziona zitamwazika m'mbali mwa msewu nthawi ya chilimwe zambiri zinayamba motero, kaya chifukwa cha mpweya wochepa, katundu wochuluka, ukalamba wa tayala kapena kusalingana ndi limu.

Kulakwitsa kwa mbali inayo, kumene achinyamata ena amakukonda chifukwa cha maonekedwe, ndi kukoka tayala laling'ono pa limu lofutukuka kwambiri. Mbali za tayala zimapendekera mkati, mlomo wa limu umatsala poyera, ndipo mkombero wa tayala umene umatseka mpweya umagwira movutikira. Pa msewu wosalala wa mpikisano munthu akhoza kupeza chifukwa chochitira zimenezi pang'ono, mkati mwa malire. Kuno kumene madzi osefukira amaguguda m'mphepete mwa phula chaka ndi chaka, monga tinaonera ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, dzenje limodzi ndi lokwanira kupinda mlomo wa limu kapena kusuntha mkomberowo, mpweya n'kutuluka nthawi imodzi. Ine ndimalangiza kuti munthu asankhe tayala limene limu lake lili pakati pa malire, kapena lokwerera pang'ono kumtunda ngati akufuna chiwongolero chomvera msanga, koma asapitirire malirewo ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ambiri amachita choncho.

Pali amene amafuna kusintha malimu kuti akhale aakulu, ndipo si kulakwa ngati masamu achitidwa. Chofunika kusunga ndi kutalika kwa gudumu lonse, kuchokera pansi kufika pamwamba. Tayala la 195/65 R15 lili ndi mbali ya mamilimita pafupifupi 127; mbali ziwiri pamodzi ndi limu la mamilimita 381 zimapereka pafupifupi 634. La 205/55 R16 limapereka pafupifupi 632, ndipo la 225/45 R17 limapereka 634. Matayala atatuwa ndi ofanana msinkhu ngakhale malimu ake ndi osiyana, n'chifukwa chake kampani imodzi imatha kugulitsa galimoto yomweyo ndi malimu osiyanasiyana. Amisiri ambiri amati kusiyana kusapitirire magawo 3 pa 100. Gudumu likatalika, sipidomita imaonetsa liwiro locheperapo kuposa limene mukuthamanga, ndipo galimoto imalemedwa pokwera chitunda kubwerera ku Blantyre. Likafupika, mimba ya galimoto imayandikira pansi, zimene palibe amene amayenda misewu ya ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, angazifune. Pogula malimu atsopano muonetsetsenso kuti kuchuluka ndi katalikirane ka maboo a mabawuti, monga 4x100 kapena 5x114.3, n'kofanana ndi kwa galimoto yanu, ndiponso kuti ET sinasiyane kwambiri ndi yoyamba, chifukwa limu lotulukira kunja mopitirira limalemetsa mabeling'i.

Komabe masamu akagwirizana sindiye kuti nkhani yatha, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga okonda malimu aakulu. Pa matayala atatu aja, loyamba lili ndi mbali ya mamilimita 127, lachiwiri 113, lachitatu 101. Mamilimita 26 amene atayika pakati pa loyamba ndi lachitatu ndi labala ndi mpweya umene ukanameza mphamvu ya dzenje lisanafike pa limu. Tayala la mbali yaifupi likagunda mlomo wa dzenje limatsinidwa pakati pa phula ndi limu, ulusi wa mkati umaduka, ndipo patapita masiku pamatuluka chotupa ngati dzira m'mbali mwake. Chotupa chimenecho sichimatidwa chigamba. Tayalalo latha ntchito tsiku lomwelo, ngakhale mano ake akhale atsopano. Munthu amene ulendo wake ndi wa pa phula lokhalokha ndipo amaudziwa msewu wake dzenje ndi dzenje akhoza kusangalala ndi tayala limene nambala yake yachiwiri ndi 45. Amene amapatukira kumudzi, kumunda wa thonje, ku Lengwe kapena ku Majete, ndikuona kuti asatsike pansi pa 55, ndipo 60 kapena 65 ndi yomuyenera kwambiri. Mitundu yabwino ya matayala a nyengo yotentha imapezeka m'miyeso imeneyi, kotero munthu safunika kupereka chitetezo cha mbali yaitali kuti apeze labala wogwira bwino.

Tibwerere ku 91V. Nambala 91 ikuimira kulemera kumene tayala limodzi linganyamule lili ndi mpweya wokwanira, ndipo pa mndandanda wa miyeso 91 ndi makilogalamu 615. 88 ndi 560, 94 ndi 670, 100 ndi 800. Chilembo chikuimira liwiro limene tayala lingapirire litanyamula katunduyo: T ndi makilomita 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240, W ndi 270, Y ndi 300. Wina anganene kuti palibe amene amathamanga choncho pakati pa Nchalo ndi Ngabu, pamene msewu uli wodzaza ndi njinga, ng'ombe ndi mathirakitala a nzimbe, ndipo akunena zoona. Koma chilembochi kwenikweni chimanena za mphamvu ya tayala yopirira kutentha, chifukwa liwiro limaononga tayala kudzera m'kutentha, choncho kutsika pa chilembo chimene wopanga galimoto analemba n'kuchepetsa chitetezo pamalo pamene kuno timachifuna kwambiri. Matayala ena amalembanso mawu akuti "Temperature" otsatidwa ndi A, B kapena C, ndipo A ndiye wopirira kutentha koposa. Za katundu, tonse tikudziwa momwe galimoto yaing'ono imabwerera kuchokera kumudzi, itanyamula anthu asanu, matumba a mpunga kapena a chimanga m'buti ndi mbuzi pamwamba pake. Nambala ya katundu isatsike pa imene wopanga galimoto analemba, ndipo tayala lolembedwa XL limanyamula zochulukirapo likapopedwa moyenera. Minibasi imafuna matayala a zonyamula katundu, okhala ndi chilembo C kapena LT pa saizi yake, ndipo kuiveka tayala la galimoto yaing'ono chifukwa chakuti lalowa pa limu n'kuseweretsa miyoyo ya okwera.

Dzinja likafika, mvula ya kuno imagwa yambiri nthawi yochepa ndipo madzi amaima pa phula. Tayala liyenera kukankha madziwo kudzera m'ngalande za pakati pa mano, ndipo tayala lofutukuka limakhala ndi madzi ambiri oti likankhe, kotero limayamba msanga kuyandama pamwamba pa madzi, makamaka mano akachepa. M'ngalandezo muli timizere totukuka ta mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato ndiye kuti tayala latha, ngakhale kuti kugwira kwake pa madzi kumakhala kutachepa kale likafika pa mamilimita 3. Matayala ambiri ogwira msewu mwamphamvu ali ndi mbali yake yovalira: ena ali ndi muvi ndi mawu akuti "Rotation" osonyeza kumene ayenera kuzungulirira, ena ali ndi mawu akuti "Outside" pa mbali yoyang'ana kunja. Muimirire pomwepo pamene akukuvekerani, muone kuti zimenezi zatsatidwa. Ngati ndalama zakwanira matayala awiri okha, opanga ambiri amalangiza kuti atsopanowo apite kumbuyo, chifukwa galimoto imene yaterereka kumbuyo ndi yovuta kwambiri kuibweza.

Tayala losankhidwa bwino limaonongekabe ngati mpweya sukusamalidwa. Muyeso woyenera uli pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa, pamodzi ndi saizi ya tayala imene wopanga anasankha. Pa galimoto za ku Japan umalembedwa mu kPa, ndipo 230 kPa ndi chimodzimodzi ndi 2.3 bar kapena pafupifupi 33 psi. Nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire omalizira, si yoyendera. Mpweya uyezedwe m'mawa galimoto isanayende, chifukwa tayala likatentha geji imakwera yokha. Pali chizolowezi chimene ndachiona kangapo, chakuti woyendetsa akafika pansi pa chitunda masana amaphwetsako matayala poopa kuti aphulika. Kuteroko kumabweretsa chinthu chomwecho chimene akuchiopa, chifukwa tayala la mpweya wochepa limapindika kwambiri ndipo limatentha kuposa poyamba, ndipo likadzazizira usiku limapezeka laphwa kwambiri.

Ambiri mwa ife timagula matayala a kaunjika chifukwa atsopano ndi odula, ndipo sindinganyoze munthu pa zimenezo. Chimene ndingapemphe n'chakuti musanapereke ndalama mufufuze manambala anayi amene amakhala m'kabokosi kozungulira m'mbali mwa tayala, kawirikawiri pambuyo pa zilembo DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, kotero 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Makampani ena akuluakulu amati tayala liziunikidwa chaka chilichonse likapitirira zaka 5 ndipo lichotsedwe likafika zaka 10 ngakhale likuoneka bwino, koma labala amakalamba msanga kumalo otentha, choncho kuno n'kwanzeru kusayembekezera zaka zonsezo. Lowetsani dzanja mkati mwa tayala mufufuze zigamba, makamaka za pafupi ndi phewa kapena m'mbali, pindani mbaliyo muone ngati pali timing'alu, ndipo muonetsetse kuti matayala awiri a pa ekiselo imodzi ndi a saizi imodzi ndi mtundu umodzi. Sipeya nayo muitulutse m'buti muiwerenge chimodzimodzi, pakuti pa galimoto zambiri zochokera ku Japan imakhala kagudumu kopyapyala kosayenera kupitirira makilomita 80 pa ola, kamene kamafuna mpweya wa 420 kPa, ndipo kawirikawiri kamapezeka kali kophwa tsiku limene mwakafuna pakati pa Bangula ndi Nsanje.